Pa thanki, pakati, kumbuyo kapena womangidwa: mwana akhale pati pa njinga yamoto?

Cha m'ma 6 koloko m'mawa, m'misewu ya ku Kanyama, Chawama, Matero ndi Mtendere, makomboni a mu Lusaka, mumadutsa njinga zamoto zonyamula ana a yunifomu. Wina wakhala pa thanki atagwira magalasi, wina wapanikizika pakati pa dalaivala ndi amayi ake, wina ali kumbuyo chikwama cha mabuku chikumukokera chagada. Palibe kholo limene limachita izi chifukwa chosakonda mwana. Minibasi silowa mkati mwenimweni mwa komboni, takisi ndi yodula, ndipo belu la kusukulu silidikira munthu. N'chifukwa chake makolo ambiri amafunsa kuti: ndimumange bwanji kuti asagwe?

Funsoli lili ndi mkulu wake amene ayenera kuyankhidwa kaye: kodi mwanayo wafika msinkhu wokwera? Lamba aliyense, ngakhale wodula chotani, amathandiza mwana amene thupi lake lakwana kale pa njinga. Mwana amene sanakwane, lamba amangomuteteza kuti asatsetsereke pamene zonse zili bwino, koma pa ngozi sapindula naye kanthu.

Muyeseni pakhomo. Imikani njinga pa sitandi yapakati, injini itazima ndiponso itazizira, ndipo mukhazikeni pa mpando wakumbuyo. Mapazi onse awiri aponde popondera mokwanira, osati ndi nsonga za zala. Phazi lolendewera limasakasaka pogwira, ndipo pafupi pali masipoko, tcheni ndi ekizozi. Kenako khalani patsogolo pake, akugwireni m'chiuno, ndipo wina amukoke pang'ono chakumbuyo kuti muone ngati manja ake ali ndi mphamvu. Chotsatira ndi helimeti yomukwana, yomwe tikambirane bwino pansipa. Chomaliza sichiyezeka ndi tepi: kodi amamvera akauzidwa kuti asasiye kugwira, ndipo amatha kukhala maso ulendo wonse? Kunjenjemera kwa injini kumagonetsa ana msanga, makamaka masana akaweruka kusukulu. Mwana akagona, manja amamasuka yekha osadziwa.

Mayiko ena anaika mayeso ngati omwewa m'malamulo. Ku Philippines, lamulo la 2015 limafuna kuti mwana afikire popondera, manja ake azungulire chiuno cha woyendetsa, ndiponso avale helimeti. Ku Spain, wokwera ayenera kukhala ndi zaka 12, kapena 7 ngati woyendetsayo ndi kholo lake kapena munthu wamkulu wololedwa ndi makolo. Ana amasiyana kakulidwe, choncho thupi ndilo loyenera kuyang'ana, koma ambiri osakwana zaka 7 amalephera mayeso a popondera pa njinga ngati Boxer kapena TVS HLX.

Pa thanki

Abambo ambiri amaikonda njira imeneyi chifukwa mwana amamuona, ndipo ali pakati pa mikono yawo. Mtima umakhala pansi, koma pamalopa ndi poopsa kwambiri. Mukamanga buleki mwadzidzidzi, mwana amatsetsereka pa thanki, poti ndi chitsulo chosalala, n'kukamenyetsa nkhope pa mahandulo kapena pa kiyi. Njinga ikagunda galimoto, mwana ndiye woyamba kufika, ndipo thupi lanu lonse limabwera pambuyo pake n'kumupsinja. Ngakhale popanda ngozi, mutu wake umatchinga mita ndi msewu wapafupi, mawondo anu sathanso kupana thanki, mahandulo sakhota mokwanira pa ngodya yothina, ndipo kadzanja kake kamatha kugwira fulotulo kapena buleki. Alibenso popondera, choncho miyendo yake imalendewera pafupi ndi injini yotentha. Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala, timiyala ndi tizilombo zonse zimathera m'maso mwake. Njira imeneyi tilibe chabwino choinenera.

Pakati pa akuluakulu awiri

Iyi imaoneka yanzeru kuposa ya pa thanki, ndipo pa chinthu chimodzi ndi yoona: mwana sagwera chagada, ndipo akagona pali womugwira. Koma mpando wa njinga unapangidwira anthu awiri, ndipo zopondera zakumbuyo zilipo ziwiri zokha. Wamkulu akaponda pamenepo, mapazi a mwana amatsala m'malere. Wamkuluyo nayenso amakankhidwira kumbuyo mpaka pa kaliyala, kulemera kumachoka ku tayala lakutsogolo, chiwongolero chimapepuka, ndipo mabuleki a dilamu a njinga zing'onozing'onozi amafuna mtunda wautali kuti aimitse katundu wotere. Pa buleki wamphamvu, munthu wa makilogalamu 70 amakankhira mwana pamsana pa dalaivala, ndipo chifuwa ndi mimba ya mwana ndi zofewa. Pali vuto linanso lobisika: helimeti imafuna malo, ndiye mwana wapakati nthawi zambiri amayenda mutu uli pamtunda chifukwa ndi helimeti sakwanapo.

Khanda kumsana, m'chitenje

Apa tiyenera kulankhula mosamala, chifukwa chitenje ndi chinthu chodalirika chimene chalera tonsefe. Mayi wodziwa kubereka amatha kulima, kusinja ndi kukwera phiri mwana osagwa. Koma mbereko inapangidwira liwiro la miyendo. Kugwa pa liwiro la makilomita 30 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita atatu ndi theka, kutanthauza pa denga la nyumba. Pa makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pa mamita pafupifupi 10. Mayi akagwa chagada, chimene chimayamba kufika pa tala ndi khanda, ndipo mayiyo amagwera pamwamba pake. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, khosi n'lofooka, ndipo hampu iliyonse imaugwedeza. Helimeti singathetse vutoli, chifukwa khosi la khanda silingathe kuinyamula.

Chitenjecho chili ndi ngozi yakeyake. Nsonga yolendewera ikakodwa mu tcheni kapena mu masipoko, imakulungika m'kanthawi kochepa n'kukokera mayi ndi mwana pansi, kapena kumanga gudumu lakumbuyo. Kunyamula khanda m'manja n'chimodzimodzi: pa kugunda, palibe mkono umene ungagwire mwana, ndipo mayi amene manja ake onse ali pa khanda alibe chogwirira iye mwini.

Kwa khanda ndi mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu, kuyerekeza kwenikweni sikuli pakati pa mamangidwe osiyanasiyana koma pakati pa njinga ndi njira ina yoyendera. Kuyenda pansi mpaka pa siteji ya minibasi n'kotopetsa, ndipo takisi imadya ndalama ya ndiwo, koma zonsezi zili bwino kuposa njinga. Tikudziwa kuti pamakhala usiku umene mwana watentha thupi ndipo pakhomo pali njinga yokha. Zikatero, mayi avale helimeti, akhale chotangadza osati chammbali, apinde nsonga zonse za chitenje mkati, ndipo dalaivala ayende pang'onopang'ono ngati munthu wothamanga ndi miyendo, mpaka pamene papezeke galimoto. Imeneyo ndi njira ya pa mavuto, isasanduke ya tsiku ndi tsiku.

Kumbuyo, pa mpando wake

Mwana amene wapambana mayeso aja malo ake ndi awa, yekha, kumbuyo kwa woyendetsa. Thupi la woyendetsa limamutchingira mphepo ndi fumbi, pa buleki amatsamira pamsana wofewa m'malo mwa chitsulo, ndipo mapazi ake ali ndi popondera. Chotsala ndi kusankha chimene agwire.

Kugwira zovala za woyendetsa sikuthandiza, chifukwa jekete imatanuka ndipo zala zimatopa. Kugwira chitsulo chakumbuyo kwa mpando kumathandiza pa buleki, koma njinga ikanyamuka mwamphamvu thupi limapita chagada ndipo mikono yomwe ili kumbuyo siingalibweze. Kukumbatira chiuno kuli bwino kuposa zonsezi ngati mikono ikufika. Vuto n'lakuti abambo ambiri, makamaka atavala jekete yokhuthala mu Juni ndi Julaye, mwana sangawazungulire.

Apa ndi pamene lamba wa zogwirira amapambana. Ndi lamba wotakata amene amavala woyendetsa m'chiuno, pamwamba pa jekete, wokhala ndi zogwirira ziwiri m'mbali. Mwana amagwira zolimba popanda kutambasula mikono, woyendetsa amamva pa chiuno pake ngati mwana wasiya kugwira, ndipo ikachitika ngozi awiriwo amasiyana, aliyense n'kutsetsereka payekha. Pogula kapena posoketsa kwa telala wa zikwama, onani kuti lambayo ndi wa nayiloni yolimba ngati ya malamba a m'galimoto, wotakata masentimita 5 kapena kuposa, zogwirira zasokedwa mobwerezabwereza, ndipo chomangira chake sichimasuka mukachikoka mwamphamvu. Mumange mothina kuti asazungulire m'chiuno. Kufooka kwake ndi kumodzi: mwana akagona, lambayu alibe ntchito. Kwa mwana wa zaka 8 kupita m'tsogolo, pa ulendo waufupi wa kusukulu, ife timaika njira imeneyi patsogolo pa zonse.

Lamba womanga mwana ndi woyendetsa pamodzi

Ameneyu amavalidwa ngati chikwama chakumsana: malamba amadutsa m'mapewa ndi pachifuwa pa mwana, ena amadutsanso pakati pa miyendo, kenako n'kulumikizika ku thupi la woyendetsa. Dziko la India linaika lamulo mu 2022 lakuti ana a miyezi 9 mpaka zaka 4 amangidwe motere, avale helimeti, ndipo njinga isapitirire makilomita 40 pa ola. Lamulolo linabwera chifukwa mabanja ambiri kumeneko alibe choyendera china. Ndi njira yochepetsa ngozi, sikuti imasandutsa njinga kukhala malo abwino a khanda.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mwana akasinza sagwa, njinga ikadumpha pa hampu kapena m'dzenje lobisika ndi madzi a mvula satayika, ndipo woyendetsa sayendetsa ndi dzanja limodzi kwinaku akupapasa kumbuyo. Ana ambiri amagwa pa njinga popanda kugundana ndi chilichonse, ndipo kugwa kotereku lambayu amakuletsa ndithu.

Kuipa kwake kumaonekera njinga ikagwa. Awirinu mumagwa ngati munthu mmodzi. Mukagubuduka, mwana amapezeka pansi panu. Mukakodwa pansi pa njinga kapena kugwera m'ngalande ya madzi, monga zimasefukira ku Kanyama nthawi ya dzinja, nayenso wakodwa. Choncho pali kusinthanitsa: mukuchepetsa ngozi imene imachitika kawirikawiri n'kuwonjezera kuopsa kwa imene imachitika mwa apo ndi apo. Kusinthanitsaku kumakhala kwanzeru ngati liwiro lili lotsika, m'misewu ya m'komboni, kwa mwana amene amafikira popondera koma amakonda kugona. Pa Great East Road, Kafue Road kapena Lumumba Road, pamene pali malole ndi liwiro, phindu lake limachepa kwambiri.

Mukasankha lamba wotere, chomangira chikhale kutsogolo kwanu, chomasuka ndi dzanja limodzi, ndipo muyeserere kuchimasula mutatseka maso. Lamba asadutse pakhosi pa mwana kapena pamimba pokha. Pakati pa lamba ndi chifuwa chake palowe dzanja lanu lotambasula, osapitirira apo. Nsonga zotsala muzipinde n'kuzimanga kuti zisafike ku gudumu. Yang'anani ulusi mlungu uliwonse, chifukwa dzuwa limafooketsa nayiloni ndipo zomangira za pulasitiki zotchipa zimasweka osachenjeza.

Ena amachita zomwezi ndi chitenje, kukulunga mwana ndi dalaivala pamodzi. Mfundo ya chitenje imatha kumasuka ndi kugwedezeka, kapena kuthina moti simungaimasule msanga pa ngozi. Nsaluyo imakweranso m'mwamba mwana akagona n'kukafika kukhosi. Sichilowa m'malo mwa lamba weniweni.

Kumangirira mwana ku njinga

Izi musachite, kaya ndi chingwe, chitenje kapena malegeni omangira katundu. Njinga ya mtundu wa Boxer imalemera makilogalamu oposa 100. Ikagwa imatsetsereka, imazungulira, nthawi zina imakalowa pansi pa galimoto, ndipo mwana womangidwa amapita nayo kulikonse, mwendo uli pansi pa ekizozi. M'galimoto lamba amapulumutsa chifukwa pali chitsulo chokuzungulirani. Pa njinga palibe, ndiye munthu amapulumuka posiyana nayo.

Chotsamira chakumbuyo

Chotsamira chimathetsa vuto logwera chagada, ndipo chikaphatikizidwa ndi lamba wa zogwirira mwana amakhala wotetezeka kutsogolo ndi kumbuyo popanda kumangidwa. Anthu owotcherera zitsulo, ngati a ku Kalingalinga ndi ku Garden, atha kuchipanga. Muwauze kuti chimangidwe ndi mabawuti ku fulemu ya njinga, chikhale ndi siponji yokhuthala, chisakhale ndi nsonga kapena ngodya zakuthwa, ndipo chifike pakati pa msana. Chisazungulire mwana ngati khola, chifukwa chikatero chafanana ndi kumumangirira ku njinga. Bokosi lonyamulira katundu lingathandize ngati lamangidwa bwino, koma ambiri amakhala pa kachitsulo kopangidwira makilogalamu ochepa, ndipo mwana akalitsamira pa mahampu tsiku ndi tsiku mabawuti amamasuka. Ligwedezeni ndi manja musananyamuke.

Chikwama cha sukulu chisakhale kumsana kwa mwana ngati n'cholemera. Chimamukokera kumbuyo, ndipo malamba ake amalendewera. Chiikeni m'bokosi kapena muchimange pa thanki.

Helimeti, nsapato ndi zina

Njira iliyonse imene mwasankha, popanda helimeti mwangotaya nthawi. Kafukufuku amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lakhala likutchula amasonyeza kuti helimeti yovalidwa bwino imachepetsa mwayi wa imfa ndi 42 peresenti, ndipo wa kuvulala mutu ndi 69 peresenti. Malamulo a pamsewu kuno ku Zambia, amene a bungwe loona za pamsewu la RTSA ndi apolisi amayang'anira, amafunanso helimeti kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe.

Mawu akuti "yovalidwa bwino" ndiwo ofunika. Kupatsa mwana helimeti ya bambo ake ndi cholakwa chofala kwambiri. Imazungulira n'kutseka maso, imavuka pa kugwa koyamba, ndipo kulemera kwake, pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, kumapweteka khosi. Yezani mutu wa mwana ndi tepi ya telala, kuzungulira pamwamba pang'ono pa nsidze ndi pamwamba pa makutu. Mahelimeti a ana amayambira cha pa masentimita 47 mpaka 52, pamene ang'onoang'ono a akuluakulu amayambira pa 53. Pitani naye mwanayo kokagula. Akavala, gwirani helimeti n'kuigwedeza: khungu la pachipumi ndi masaya ziyende nayo limodzi. Mangani lamba wa pachibwano moti palowe chala chimodzi kapena ziwiri, kenako yesani kuivula poikoka kuchokera kumbuyo. Ikavuka, ndi yaikulu. Musagule yaikulu poganiza kuti adzakuliramo ngati yunifomu.

Yang'anani chizindikiro chosonyeza kuti helimeti inakwaniritsa muyezo wa chitetezo: cha ECE 22.05 kapena 22.06, chomwe chimasokedwa pa lamba wa pachibwano, kapena cha DOT kumbuyo kwake. Zomata zabodza zilipo, choncho pendaninso mkati: payenera kukhala chinthu cholimba chokhuthala ngati chija amatetezera nacho mawailesi m'makatoni, osati kasiponji kokha. Chimenecho ndicho chimaphwanyika m'malo mwa mutu, ndipo chimagwira ntchito kamodzi. Helimeti imene inagundapo pa ngozi itayeni ngakhale ikuoneka yabwino kunja, ndipo pa chifukwa chomwecho samalani ndi ya salaula, poti mbiri yake simukuidziwa. Yotseka chibwano imateteza nsagwada ndi mano kuposa yotseguka. Chipewa cha omanga nyumba ndi helimeti ya njinga yakapalasa sizinapangidwire liwiro limeneli.

Mapatapata ayi. Mwana avale nsapato zotseka, zingwe zake zitalowetsedwa mkati, ndi buluku lalitali ngakhale kukutentha mu Okutobala. Chidendene chikalowa mu masipoko chimasendeka mpaka pa mtsempha, ndipo bala lotere limachedwa kupola. Njinga zambiri zochokera ku India zimabwera ndi kachitsulo kotchinga gudumu lakumbuyo mbali yakumanzere. Musakachotse, ndipo ngati kulibe, kapangitseni mbali zonse ziwiri. Chotchingira tcheni chikhalepo, chimodzimodzi chotchingira ekizozi.

Kukwera kukhale ndi dongosolo losasintha. Woyendetsa amakwera poyamba, mapazi onse pansi, buleki yakutsogolo atagwira. Mwana amakwerera kumanzere, chifukwa pa njinga zambiri ekizozi ili kumanja, komanso poti timayenda kumanzere kwa msewu, mbali imeneyo ndi yotalikira magalimoto. Satsika mpaka atauzidwa, ndipo pa maloboti mapazi ake sachoka popondera. Gwirizanani chizindikiro, monga kukumenyani kawiri pa ntchafu akafuna kuti muime. Pokhota, muuzeni angoyang'ana paphewa lanu la mbali imene mukukhotera, thupi lake lidzatsatira lokha. Nanunso muzimulankhula pa malo oima kuti mudziwe ngati ali maso.

Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womangira buleki umawirikiza kanayi. Muli ndi mwana, musapitirire makilomita 40 pa ola, ndipo m'komboni 30 ndi wokwanira. Musalowe pakati pa mizere ya magalimoto, ndipo musadutse minibasi kumanzere, poti imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu. Mvula yoyamba ya mu Novembala imatereretsa tala kwambiri chifukwa imayandamitsa mafuta ndi fumbi la miyezi yambiri. Tsiku limenelo ndi bwino mwana apite pa minibasi.

Ngati mumalipira dalaivala woti azikatula mwana kusukulu, helimeti ya mwana mugule nokha, chifukwa yake yapadera ndi ya munthu wamkulu. Onani laisensi yake, yang'anani matayala ndi zopondera zakumbuyo, ndipo mugwirizane poyera kuti pa ulendowo anyamula mwana wanu yekha, osati atatu a pa mzere umodzi wa nyumba. Ulendo woyamba mutsatireni kuti muone mayendetsedwe ake.

Mwana akapsa ndi ekizozi, thirani madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20, kenako phimbani ndi nsalu yoyera. Musapake mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena dzira, ndipo musaboole matuza. Akagwa n'kumenya mutu, ngakhale adzuke n'kumaseka, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati akusanza, akusinza mosazolowereka, akudandaula mutu kapena sakukumbukira chimene chachitika. Zipatala za Kanyama, Matero, Chawama, Chilenje ndi Chipata zili pafupi ndi makomboni ambiri, ndipo zovuta kwambiri amazitumiza ku zipatala zazikulu za UTH (University Teaching Hospital) kapena Levy Mwanawasa. Ngati wagona pansi ndipo akudandaula khosi kapena sakuyankha, musamudzutse mothamanga kapena kumuvula helimeti, pokhapokha ngati akulephera kupuma. Gwirani mutu wake kuti usagwedezeke, ndipo wina aimitse magalimoto pamene mukuitana thandizo.